Ndege yadutsayi ndi yanji? Mafunso ndi mayankho kwa okhala mu Lilongwe

Mu Lilongwe ndege si chinthu chachilendo. Anthu a ku Area 25 ndi ku Mgona ndiwo ayandikirako ku bwalo la ndege la ku Lumbadzi, a ku Chinsapo ali kufupi ndi bwalo lakale limene tsopano ndi la asilikali, pomwe a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 23 kawirikawiri amaiona itakwera kale. Komabe ingodutsa motsika tsiku limodzi, mkangano wabuka pa bawo ndi pa kiyosiki ya madzi. Wina akuti ndi yankhondo, wina akuti mwakwera a Pulezidenti, ndipo pofika madzulo nkhaniyo ili pa WhatsApp itathiridwa kale nsinjiro. Chonsecho ndege sibisa mtundu wake. Kapangidwe kake kamakuuzani kuti ndi ndege yanji, zilembo zake zimakuuzani kumene inalembetsedwa, ndipo zonsezi mungathe kuziona muli chiimire pakhomo panu.

Kodi ndege zimene timaziona kumwamba kwa Lilongwe zimachokera kuti?

Zambiri ndi zimene zikutera kapena kunyamuka pa bwalo la Kamuzu International Airport ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda, limene linatsegulidwa mu 1983. Msewu wa ndege pabwaloli ndi wotalika kuposa makilomita atatu, ndipo unagona chopingasa, kuchokera kumpoto chakumadzulo kuloza kumwera chakum'mawa. Ndege imatera ndi kunyamuka moyang'anizana ndi mphepo. Choncho m'miyezi ya mwera zambiri zimatsikira mbali ya ku Mponela n'kunyamukira mbali inayo, kenako zopita ku Blantyre ndi ku Johannesburg zimakhotera kumwera. N'chifukwa chake ku Kawale mumaziona zili kale m'mwamba, matayala atalowa.

Zina ndi za asilikali, zochokera pa bwalo lakale la m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, kumene anthu amangoti ku Airwing, kapena ku likulu lawo ku Zomba. Ndiye pali zongodutsa, zimene sizikutidziwa n'komwe: zachokera ku Johannesburg, zikupita ku Nairobi, ku Addis Ababa kapena ku Dubai, ndipo zimauluka makilomita 10 kapena 12 m'mwamba.

Ndege ikatulukira, ndiyambe kuyang'ana chiyani?

Musayambe ndi utoto. Dzuwa likakhala kumbuyo kwake, ndege iliyonse imaoneka yotuwa, ndipo apa ndi pamene ambiri amafulumira kunena kuti ndi ya asilikali. Yambani ndi injini. Kodi ili ndi mapulopela, masamba ozungulira aja amene ena amangowatcha mafani, kapena ndi jeti, ya injini zobulungira zopanda masamba oonekera kunja? Injinizo ndi zingati, ndipo zili pati, kunsi kwa mapiko kapena kumbuyo pafupi ndi mchira?

Mukatero onani pamene mapiko alumikizana ndi thupi la ndegeyo, pamsana kapena kumimba. Kenako mchira: timapiko ting'onoting'ono takumbuyo tili pansi, kapena tili pamwamba penipeni moti mchirawo ukuoneka ngati chilembo T? Zinthu zitatuzi, injini, mapiko ndi mchira, zimakwanira kusiyanitsa pafupifupi ndege zonse zimene zimafika kuno.

Khutu nalonso limathandiza, koma limanamiza pa malo. Phokoso limatenga masekondi atatu kuti liyende kilomita imodzi, ndiye ndege imene ili makilomita 10 m'mwamba mumaimva patapita theka la mphindi. Mukayang'ana kumene kukuchokera mkokomo simuipeza. Ponyani maso kutsogolo kwake.

Ndi ndege ziti za anthu wamba zimene zimatera kawirikawiri ku Lumbadzi?

Yoyamba kuidziwa ndi Dash 8 Q400, yopangidwa ku Canada, imene kampani ya Malawi Airlines imagwiritsa ntchito pa maulendo afupiafupi monga a ku Chileka. Ndi yaitali, yowonda, mapiko ali pamsana, mchira ndi wa T, ndipo ili ndi mapulopela awiri a masamba asanu ndi limodzi iliyonse. Ikamatera muione bwino: matayala ake aakulu satuluka m'mimba ayi, amatuluka m'munsi mwa injini pa miyendo iwiri italiitali. Imanyamula anthu 70 ndi kuposerapo. Ili ndi mnzake wofanana naye, ATR, mtundu umene Air Malawi inali nawo kale. Kusiyana kwake n'kwakuti ATR ndi yaifupi, ndipo matayala ake ali m'mimba.

Yachiwiri ndi Boeing 737, jeti ya injini ziwiri kunsi kwa mapiko. Achikulire akukumbukira 737 ya Air Malawi yotchedwa Kwacha. Lero Malawi Airlines ndi Ethiopian Airlines zimauluka ndi mitundu yatsopano ya ndege yomweyi. Mphuno yake ndi yosongoka, pomwe yopikisana nayo, Airbus A320, ili ndi mphuno yobulungira. Koma chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri chili kumimba. Ndege zambiri zikabweza matayala zimawatsekera ndi zitseko. 737 siitero: matayala ake aakulu amangolowa m'maenje osatsekedwa, moti ikadutsa pamwamba panu mumaona timizere tiwiri tozungulira takuda pakati pa mapiko. Mukationa, mwadziwa kuti si A320.

Ndege za Embraer zochokera ku Brazil, zimene Kenya Airways ndi Airlink amakonda kutumiza m'chigawo chino, zili mitundu iwiri. Ina imaoneka ngati 737 yochepa thupi, ndipo mkati mwake muli mipando iwiri mbali iliyonse. Ina, yocheperapo, injini zake zinamatidwa kumbuyo ndipo mchira wake ndi wa T.

Masiku ena Ethiopian Airlines imabweretsa zikuluzikulu, Boeing 787 kapena Airbus A350. Mapiko a 787 amapindikira m'mwamba ikamauluka, ndipo m'mphepete mwa injini zake kumbuyo muli manomano ochepetsa phokoso. A350 ili ndi utoto wakuda wozungulira mawindo a oyendetsa. Kumapeto enawo kuli tindege ta pulopela imodzi pamphuno, monga ta Cessna, timene timanyamula alendo opita ku Likoma ndi m'malo osungira nyama zakutchire. Tambiri mwa ito matayala ake salowa, amangolendewera ulendo wonse.

Kodi ndege ya mapulopela si yachikale, kapena yoopsa kuikwera?

Ayi, ndipo maganizo amenewa ndi ofunika kuwataya. Injini ya Q400 imagwira ntchito mofanana ndi ya jeti, kungoti mphamvu yake imazunguza pulopela m'malo mokankha mpweya wokha. Imamwa mafuta ochepa pa ulendo waufupi ndipo imatha kutera pa bwalo laling'ono, n'chifukwa chake ndiyo yoyenera ulendo wa Lilongwe ndi Blantyre, wosakwana ola limodzi. Imathamanga makilomita oposa 600 pa ola, pomwe 737 imapitirira 800. Ngati ndi ukale, Q400 inayamba kunyamula anthu mu 2000, pomwe 737 yoyamba inauluka mu 1967. Chimene chimasunga ndege si mtundu wa injini, koma kaikonzedwe ndi luso la oiyendetsa.

Nanga zilembo zolembedwa pafupi ndi mchira zija zimatanthauza chiyani?

Imeneyo ndiyo nambala puleti ya ndege. Pangano la mayiko la za ndege za anthu wamba, limene linasainidwa ku Chicago mu 1944, limafuna kuti ndege iliyonse ionetse zilembo za dziko limene inalembetsedwa. Za Malawi zimayamba ndi 7Q. Za Zambia ndi 9J, za Mozambique C9, za Tanzania 5H, za Kenya 5Y, za Ethiopia ET, za Zimbabwe Z, ndipo zambiri za ku South Africa ZS. Ya ku America imayamba ndi N, ya ku Britain G. Zilembozi zimalembedwa m'mbali mwa thupi chakumbuyo, ndipo pa ndege zambiri zimakhalanso kunsi kwa phiko lakumanzere kuti wa pansi athe kuziwerenga.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi: zilembo zimanena kumene ndege inalembetsedwa, osati dzina lopakidwa m'mbali. Air Malawi, imene inayamba mu 1964, itathetsedwa mu 2013, kampani yatsopano, imene lero ndi Malawi Airlines, inayamba kuuluka mu Januwale 2014, boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines 49. Ndege zimene inayamba nazo zinachokera ku Addis Ababa, ndipo zinkauluka zitapakidwa dzina la dziko lathu koma zilembo zake zili ET. Si chinyengo; ndi mmene zimakhalira ndi ndege yobwereka.

Musasokonezenso zilembozi ndi nambala ya ulendo imene ili pa tikiti. Apo Malawi Airlines ndi 3W, Kenya Airways ndi KQ, Airlink ndi 4Z. Nambala ya ulendo imasintha tsiku lomwelo ndege ikatembenuka, koma zilembo za pamchira zimakhala zomwezo.

Ndiye ya asilikali ndiidziwa bwanji?

Ndege ya asilikali sikhala ndi 7Q, sikhalanso ndi dzina la kampani. Zathu zimalembedwa MAF, kuimira Malawi Air Force, ndi nambala yake. Kale, nthambiyi ikutchedwa Air Wing, zinkalembedwa MAAW. Pamapiko kapena m'mbali pamakhala chizindikiro chozungulira cha mitundu ya mbendera, wakuda, wofiira ndi wobiriwira. Asilikali a dziko lililonse ali ndi chizindikiro chawo chotere, ndipo ndicho umboni weniweni. Utoto wa madontho obiriwira kapena wotuwa ndi wongothandizira, chifukwa pali ndege za asilikali zoyera mbee, makamaka zonyamula akuluakulu.

Pa kapangidwe, ndege zonyamula katundu wa asilikali zimakonda kukhala ndi mapiko pamsana, mimba yoyandikira pansi, mawindo ochepa, ndi kumbuyo kotukuka kumene kuli chitseko chachikulu chotsika ngati mlatho kuti galimoto ilowe. C-130 Hercules ya ku America ili ndi mapulopela anayi. Ilyushin Il-76 ili ndi majeti anayi, mchira wa T ndi magalasi kunsi kwa mphuno. Malawi ilibe zoterezi. Mukaona imodzi, ndi mlendo, ndipo nthawi zambiri yabweretsa katundu. Il-76 zina zimene zimauluka mu Africa n'zamakampani wamba, ngakhale zimaoneka zaukali. Ikakhala yoyera yokhala ndi zilembo ziwiri zikuluzikulu zakuda, UN, ndiye kuti ili pa ntchito ya United Nations, ntchito imene asilikali athu akhala akuigwira ku Democratic Republic of Congo.

Nanga Dornier imene inamveka kwambiri ija ndi yooneka bwanji?

Dornier 228 ndi ndege ya ku Germany imene inauluka koyamba mu 1981. Thupi lake si lobulungira ngati la ndege zina, ndi la makona anayi. Mphuno ndi yaitali yoweramira pansi, mapiko ali pamsana, mapulopela ndi awiri, ndipo imanyamula anthu osapitirira 19. Ubale wa asilikali athu ndi ndege za Dornier unayamba kale: nthambi ya ndege inakhazikitsidwa mu 1976 mothandizidwa ndi dziko la Germany, ndipo inayamba ndi tindege ta Dornier 27 ndi 28.

Ambiri tinalidziwa dzinali m'njira yowawa. Pa 10 Juni 2024 Dornier 228 ya nambala MAF-T03 inanyamuka ku Lumbadzi m'mawa kupita ku Mzuzu, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse asanu ndi anayi, kuphatikizapo wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima, anamwalira. Inapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo ananena kuti ndegeyo inalibe makina osunga mawu a oyendetsa ndi mbiri ya ulendo, ndiponso kuti batire ya kachipangizo kotumiza chizindikiro ndege ikagwa inatha nthawi yake mu 2004. Kuzindikira ndege ndi maso ndi ntchito ya ife apansi, koma ndege iyeneranso kutha kudzinena yokha pamene ili. Pamenepa boma lilibe chowiringula.

Kumbukiraninso kuti Dornier 228 si ya asilikali okha. M'mayiko ambiri makampani wamba amanyamulira anthu ndege yomweyi. Pa ndege ngati imeneyi, chimene chimalekanitsa ya asilikali ndi ya kampani ndi zilembo basi.

Kodi Malawi ili ndi ndege zankhondo zenizeni, zoponya mabomba?

Ilibe. Ndege za asilikali athu ndi zonyamula anthu ndi katundu, zoponya asilikali a parachuti, ndi mahelikopita. Mu 2022 analandiranso ndege ziwiri za MA600 zochokera ku China, za mapulopela awiri ndi mapiko apamsana, zimene munthu wosazolowera angaziyese Q400, kungoti mchira wake si wa T. Jeti yankhondo ndi yaing'ono, ya munthu mmodzi kapena awiri, mapiko aafupi opendekera kumbuyo, ndipo phokoso lake limang'amba makutu itadutsa kale. Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe ali nazo. Ikanadutsa pa Biwi simukanafunsa mnzanu.

Nanga jeti ya Pulezidenti?

Inaliko. Boma la Bingu wa Mutharika linagula Dassault Falcon 900 ya ku France mu 2009, ndipo boma la Joyce Banda linaigulitsa mu 2013 pa mtengo wa madola 15 miliyoni. Inali yosavuta kuidziwa chifukwa inali ndi injini zitatu kumbuyo, ziwiri m'mbali, imodzi patsinde pa mchira. Kuchokera pamenepo atsogoleri athu popita kunja akhala akukwera ndege za makampani kapena zahayala. Choncho kajeti kakang'ono koyera, ka injini ziwiri kumbuyo ndi mawindo ochepa, kangakhale ka mlendo wa boma, ka mwini bizinesi, kapena ambulansi ya m'mwamba yodzatenga wodwala kupita naye ku Johannesburg.

Mahelikopita nawo amasiyana bwanji?

Werengani masamba apamwamba, ndipo onani ngati yaima pa matayala kapena pa zitsulo ziwiri zogona. Zing'onozing'ono monga AS350 Ecureuil ya ku France zili ndi masamba atatu ndipo zimatera pa zitsulo. Zimanyamula anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Puma ndi yaikulu, ya masamba anayi, injini ziwiri ndi matayala. Asilikali athu akhala ndi mitundu iwiri yonseyi. Mahelikopita achilendo akachuluka m'mwamba, nthawi zambiri kwagwa tsoka kwinakwake: namondwe wa Freddy atawononga m'chigawo chakumwera mu Malichi 2023, Tanzania ndi Zambia anatumiza ndege zawo kudzathandiza kupulumutsa anthu ndi kunyamula chakudya.

Kodi utsi woyera umene ndege zina zimasiya ndi mankhwala opopera anthu?

Si mankhwala, si utsi n'komwe. Mafuta a ndege akapsa amatulutsa nthunzi ya madzi, ndipo kumwamba kumene jeti zimauluka kumazizira kufika madigiri 40 kapena 50 kutsika pansi pa ziro. Nthunziyo imaundana pompo n'kusanduka mtambo wautali. Mpweya wa kumwambako ukakhala wouma mzerewo umazimirira msanga, ukakhala wachinyontho umakhalitsa n'kufalikira. Mzere wotere ukukuuzani kuti ndegeyo ili patali kwambiri ndipo sikutera ku Lumbadzi. Mukakhala ndi maso akuthwa, werengani mizere pamene ikuyambira: iwiri ndi injini ziwiri, inayi ndi ndege yaikulu ya injini zinayi.

Usiku ndingadziwe bwanji kuti kuwala kukuyendako ndi ndege?

Ndege iliyonse, ya asilikali kapena ya kampani, ili ndi nyali yofiira kunsonga ya phiko lakumanzere, yobiriwira kunsonga ya lakumanja, ndi yoyera kumchira. Palinso zothwanima, zofiira pamsana ndi kumimba, zoyera kunsonga za mapiko. Ngati yofiira mukuiona kudzanja lanu lamanja ndipo yobiriwira kumanzere, ndegeyo ikubwera chakwanu. Nyali yowala kwambiri imene ikuoneka ngati yaima malo amodzi chakumpoto kawirikawiri ndi ndege imene yayatsa nyali zoterera itakulunjikani.

Kuwala koyera kosathwanima, kopanda phokoso, koyenda mosakhota dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha, ndi setilaiti imene ikuwalitsidwa ndi dzuwa. Yowala koposa ndi International Space Station, imene ili makilomita pafupifupi 400 m'mwamba. Mukaona timiyuni tambiri titandandalikana pamzere umodzi, ndi masetilaiti a Starlink ongoponyedwa kumene. Nkhani za ndege za ufiti sizidzatha m'makwalala mwathu, koma musanatchule dzina la agogo a kuseri kwa nyumba, yambani mwaona ngati kuwalako kukuthwanima kofiira ndi kobiriwira. Okalamba ambiri m'dziko muno amenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha mphekesera zotere.

Kodi foni ingandiuze dzina la ndege?

Inde, ngati muli ndi bandulo. Ndege zambiri za makampani zili ndi chipangizo chimene chimaulutsa nambala yake, malo ake, kutalika kwake ndi liwiro lake. Mapulogalamu a pafoni monga Flightradar24 amatola uthengawo n'kuuika pa mapu, ndipo mukagunda kachithunzi ka ndegeyo mumaona kumene yachokera, kumene ikupita ndi zilembo zake. Njira yabwino yophunzirira ndi kuyamba mwaganiza nokha, kenako n'kufunsa foni ngati mwalondola.

Koma kusaoneka pa foni si umboni wakuti ndegeyo ndi yachinsinsi. Za asilikali kawirikawiri sizionetsedwa, tindege tina takale tilibe chipangizocho, ndipo zolandirira uthengawo kuno n'zochepa, moti ndege yotsika imatha kuzimirira pa mapu ili bwinobwino.

Nanga tindege topanda munthu timene timalira pa maukwati?

Amenewo ndi madroni. Sangojambula maukwati ndi misonkhano yokha. Mu Malichi 2016 boma ndi UNICEF anayesa droni mu Lilongwe momwe muno, pa mtunda wa makilomita 10 kuchokera pa chipatala chaching'ono kupita ku Kamuzu Central, pofuna kuona ngati ingafulumizitse kutumiza magazi a makanda okayezedwa HIV. Mu 2017 anatsegula malo oyesera madroni ku Kasungu, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata mu Lilongwe. Droni imaoneka ngati ili patali chifukwa ndi yaing'ono, koma imakhala pafupi. Imatha kuima malo amodzi n'kubwerera chafutambuyo, zimene ndege ya mapiko singachite.

Kodi ndingathe kujambula ndege popanda vuto?

Ndege imene ikudutsa pamwamba pa nyumba yanu jambulani, ndipo chithunzicho mukachikulitsa chidzakuonetsani zilembo zimene maso anaphonya. Koma pa mpanda wa bwalo la asilikali, ku Airwing kapena ku Zomba, foni ikhale m'thumba: amenewo ndi malo otetezedwa ndi lamulo, ndipo kunena kuti mumangokonda ndege sikungakupulumutseni pa geti. Musaulutse droni pafupi ndi bwalo la ndege. Ndipo makolo, timatochi ta leza timene ana amagula mumsika tisalozedwe kumwamba usiku. Kuwala kwake kumatha kuphimba maso a woyendetsa ndege pa nthawi imene akutsika ndi anthu oposa 100 kumbuyo kwake. Mukamuona mwana akutero, mulandeni.